Fungo la Shedi ya a Faltas

Apolisi anandipatsa mphindi zisanu, ndipo ziwiri zinathera pa misozi ya Ezzat. Mlongo wanga ameneyu ndi chimunthu, amagubuduza belo la mabotolo yekha, koma m'chitokosi muja ndinamupeza atakhala pansi, atakumbatira maondo.

"Pukuta mamina," ndinatero. "Sindinakwere mabasi awiri kudzaonera kulira. Lamlungu m'mawa unali kuti?"

"Ndawauza kale, achemwali. Ndinapita kukanoletsa mipeni ya chigayo. Ndinapeza wonolayo watseka, ndinadikira, n'kubwerera."

"Anakuona ndani?"

"Agalu."

Ndinafuna kumuthira khofi. Shedi ya apongozi anga, a Faltas, inali itapsa Lamlungu anthu ali kutchalitchi, ndipo kuseri kwa chitseko anapezako mtembo wa a Ayad, mkulu wogontha amene ankasankha zitsekero za mabotolo. Lachisanu lake a Faltas anali atamuwomba Ezzat mbama pamsewu chifukwa cha mpeni wothyoka, iye n'kulumbira pa mtanda wodindidwa pamkono pake kuti adzaona. Msewu wonse unamva. Makiyi a shedi anali atatu: wa apongozi, wa mwamuna wanga Wagdi, ndi wa Ezzat amene ankayendetsa chigayo cha pulasitiki. Awiri enawo anthu mazana anawaona kutchalitchi. Lachinayi m'mawa Ezzat ankayenera kukaonekera kwa woimira boma pa milandu, ndipo moto umene wapha munthu mapeto ake amatha kukhala chingwe. Tsikulo linali Lachiwiri.

"M'shedimo munali chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti mabelo 120 a mabotolo oyera."

"Akuti? Iwe umagwira ntchito momwemo."

"Ndimagaya kutsogolo basi. Kumbuyo anatchingako ndi lona mwezi watha, anati ndi katundu wa a injiniya, ndisakhudze." Wapolisi anali atayamba kale kugwedeza makiyi. Ezzat anandigwira chala kudzera pa waya. "Nargis, iwe umadziwa mmene mabelo a mabotolo amanunkhira zakumwa zosasa. Kumbuyo kuja kunalibe ntchentche ngakhale imodzi."

*

A injiniya Rasha ndinawapeza atayima pakati pa phulusa, nsapato zawo zoyera zitasanduka zakuda. Ndi mtsikana wa m'tauni, wa mpango wosita bwino, amene anabwera kwathu ku Manshiyat Nasser chaka chatha ndi sikelo ndi kope. Ntchito yawo inali kuwerengera mpweya wa kaboni. Belo lililonse limene ife talipulumutsa kumoto kapena kudzala, iwo ankalisandutsa nambala ya utsi umene sunakwere kumwamba, ndipo makampani akunja ankagula nambalayo kuti aziti ayeretsa utsi wawo. Ife akazi posankha zinyalala tinkaseka mpaka kugwira nthiti, kuti dziko lafika pogula utsi umene kulibe. A Faltas sanaseke. Anali oyamba kulembetsa.

"Amake Yustina, pepani ndi zimene zachitika," anatero. "Ndikudziwa kuti ndi mlongo wanu."

"Pepani sangamutulutse. Mukufuna chiyani m'phulusamu?"

"Ndikufuna matani makumi atatu." Anandionetsa kope ngati kuti ine ndikanawerenga zokhotakhota zawozo. "Ndiyenera kulemba kuchuluka kwa mpweya umene motowu watulutsa, kuti tichotsere pa nambala ya chaka. Ndi masamu apafupi. Tani imodzi ya mabotolo ikapsa yonse imatulutsa mpweya wa kaboni woposa matani awiri. Matani makumi atatu akanayaka tsiku lonse, zitsulo za dengazi zikanapindika, pansi pano pakanakhala dziwe la pulasitiki wosungunuka lofika m'maondo. Ozimitsa moto akuti anamaliza pa maola awiri. Ndawerengera kasanu, mayi. Zimene zinapsa pano sizifika ngakhale matani asanu."

"Ndiye lembani choncho."

"Abwana anga akuti ndilembe makumi atatu, ndisainire, nkhani ithe. Akuti ndikalemba zina ndiye kuti sikelo yathu yakhala ikunama chaka chonse, ndipo woyamba kuchotsedwa ntchito ndi ine." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya mpango. "Belo lililonse tinaliyeza, Loweruka lililonse. Tikaliyeza timalimanga lamba wachikasu wa nambala, ndipo lambayo amadulidwa kufakitale kokha, belo likamalowa m'makina. Malamba 120 sanafike kufakitale. Ndiye mabelowo anayenera kukhala muno."

"Munawaonapo onse pamodzi?"

Anapukusa mutu.

"Oyendera ochokera kunja ankayenera kubwera Lolemba, dzulo, kudzachotsa lona ndi kuwerenga limodzilimodzi," anatero kenako. "Moto unabwera Lamlungu."

Ndinawerama ngati ndikukonza patapata, ndinatola chibulumwa chakuda chosungunuka n'kuchiika m'thumba la diresi. Iwo anati adzabweranso mawa folo koloko kunyumba kwathu, kuti a Faltas adzasainire lipoti. Anandifunsa ngati ndikudziwa kanthu. Ndinati ine ndi mayi wosankha zinyalala, ndimadziwa zinyalala.

*

Nsanja ya nkhunda ya amalume Bushra ili pamwamba pa nyumba yosanja kasanu ndi kamodzi, ndipo makwerero ake omaliza ndi matabwa a mapaleti. Ndinafika pamwamba ndikutukwana makolo awo onse. Si malume anga enieni, koma dera lonse timawatchula choncho. Anayambana ndi ansembe zaka khumi zapitazo pa nkhani ya nkhunda imene inawanyera pamkanjo, ndipo chiyambire pamenepo Lamlungu lililonse amakhala pansanja, kuyang'ana anzawo akupita kukapemphera.

"Taonani, ana anga, kwabwera mpongozi wa mfumu," anauza nkhunda zawo osanditembenukira. "Bisani mapira, a kwa Faltas akaona chinthu amachiyeza pasikelo."

"Amalume, Lamlungu munaona chiyani?"

"Ndinaona maliro. Nkhunda makumi atatu ndi imodzi, mwana iwe. Wamphongo wanga wofiira, amene ankabwerera yekha kuchokera kutali ku Helwan, anagwa pamapazi angawa akuphupha ngati nkhuku ya pa Isitala. Kodi apolisi anabwera kudzalemba zimenezo? Sanabwere."

"Utsi unali wotani?"

Apa ananditembenukira. Amalume Bushra anagaya pulasitiki zaka makumi atatu mapapo awo asanakane.

"Eya, funso la munthu ndi limeneli. Mabotolo ndimawadziwa, utsi wake ndi wakuda, wamwaye, wonunkhira kutsekemera ngati shuga wopserera. Uja unayamba woyera, wolemera, woyenda m'munsi. Unkaluma m'maso ndi pakhosi ngati wameza mankhwala otsukira chimbudzi. Bwera kuno." Anandikokera ku waya wa khola, mbali yoyang'ana kushedi. "Waya uyu ndinagula mwezi watha. Khudza."

Chala changa chinabwera chofiira ndi dzimbiri.

"Masiku awiri okha," anatero. "Pali pulasitiki mmodzi yekha amene utsi wake umadya chitsulo, ndipo iwe ukumudziwa."

"Munaona munthu pafupi ndi shedi?"

"Maso anga amaona nkhunda."

"Amalume, Ezzat amunyonga."

Anatenga mbendera yawo yoitanira nkhunda, anaipukusa kawiri popanda nkhunda ili yonse m'mwamba, n'kuiikanso pansi.

"Ine ndimakhala m'nyumba ya msuweni wa apongozi ako. Ndikalankhula, nsanja iyi aigwetsa mawa. Koma popeza ukufunsa za nkhunda, ndikuuza za nkhunda. Khola la nkhunda la mwamuna wako lili pafupi ndi shedi kuposa langa. Sanataye ngakhale nthenga. Loweruka madzulo ndinamuona akulikuta ndi masaka onyowa, kunja kulibe mphepo kapena fumbi."

"Wagdi anali kutchalitchi. Anamuona anthu."

"Misa yathu ndi ya maola atatu, amake Yustina. Mwamuna amene amakhala maola atatu osatuluka kukasuta ndi wansembe yekha."

Potsika ndinakhala pansi pamakwerero a nsanjika yachitatu ndisanabwerere kunyumba.

*

Ndinakwatiwa m'nyumba ya a Faltas ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pansi pake ndi posankhira zinyalala, nsanjika yoyamba ndi ya apongozi, ndipo ana awo aamuna anawasanja pamwamba mmodzimmodzi monga anabadwira. Ife tili pa yachisanu. Khomo lotulukira kumsewu ndi limodzi, ndipo a Faltas amakhala pa mpando pambali pake kuyambira m'mawa, ndi tiyi ndi fodya wawo wosutira pa paipi ya botolo la madzi. Palibe amalowa kapena kutuluka osawapatsa moni.

Lachitatu m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinayatsa mbaula ya gasi n'kupana chibulumwa chija ndi pulayazi. Amayi anga anandiphunzitsa kuyesa pulasitiki ndi moto ndisanadziwe kulemba dzina langa. Wa zigubu amadontha ndipo amanunkha kandulo. Wa mabotolo amafwanyirira n'kuchita mwaye. Uyu anayaka ndi lawi lobiriwira m'mphepete, ndinangomuchotsa pamoto n'kuzima yekha, ndipo utsi wake unandibaya m'mphuno mpaka misozi. Anali mapaipi. Mapaipi akale a m'zimbudzi, amene chigayo chathu sichiwafuna, amene a Faltas ankawaunjika kuseri kwa makola a nkhumba poti kuwataya sangathe.

Ndinaseka ndekha m'khichini, kuseka koipa. Munthu wa kwathu kumuuza kuti aotche mabotolo oyera kuli ngati kumuuza kuti aotche mwana. Apongozi anafuna moto, koma anadzaza shedi ndi zinthu zopanda msika.

Komabe chibulumwa cha paipi sichitulutsa munthu m'chitokosi. Ndinatsika kukagwira ntchito, poti ndikachedwa apongozi aakazi amatumiza mawu. Tsikulo ndinkasankha pulasitiki wolimba potsata mitundu, wofiira kwake, wabuluu kwake, wachikasu kwake. Thumba lachikasu litadzaza ndinalikokera kunsi kwa makwerero, kumene timasunga zodikira chigayo. Ndinapezako thumba lina, laling'ono, lomangidwa ndi mfundo imene si yanga. Mfundo za anthu a m'nyumbamo ndimazidziwa zonse. Iyi inali ya Wagdi.

Munali malamba achikasu, odulidwa bwinobwino ndi mpeni, aliyense ndi nambala yake. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi n'kusiya.

"Bwezera," anatero Wagdi kumbuyo kwanga.

Mwamuna wanga salankhula mokweza. Zaka khumi ndi zinayi sanandimenyepo, ndipo sanayankhepo bambo ake. Anaima pakati pa ine ndi khomo, manja ali m'matumba.

"Mabelo anali angati, bambo a Yustina?"

"Nargis."

"Anali angati?"

"Khumi ndi awiri." Anayang'ana pansi. "Akayeza Loweruka, timadula malamba, timamanganso ndi waya wina, Loweruka linalo timabweretsa omwewo. Amene ankayeza ndi mnyamata wa kuyunivesite, belo ndi belo kwa iye. Bambo anati ndi utsi chabe, sitikubera munthu."

"Ndiye malambawa osawaponya pamoto bwanji?"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa zamisala.

"Ndi pulasitiki wabwino uyu."

Ndikanakhala ndi mpeni m'manja sindikudziwa. Ndinali ndi thumba basi, ndipo ndinalikumbatira.

"Nanga a Ayad?"

"Sindinadziwe. Ndikulumbira pa ana athu, sindinadziwe kuti mpongozi wawo anawathamangitsanso, kuti akugona m'shedimo kuseri kwa makatoni. Ndisanayatse ndinakuwa katatu kuti kodi muli munthu muno. Kenako ndinatseka ndi loko kuti ana asalowe."

"Unakuwira munthu wogontha."

Anakhala pansi pa thumba la zigubu n'kuphimba nkhope. Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandinyansa. Ali chiphimbire ndinatapa malamba odzaza dzanja n'kuwalowetsa pachifuwa, mkati mwa diresi.

"Bambo apeza loya," ankatero m'manja mwakemo. "Akuti adzanena kuti inali ngozi ya mawaya, Ezzat adzakhala zaka zitatu kapena zisanu. Akatuluka adzam'patsa chigayo chakechake."

"Akakanika loyayo?"

Wagdi anadzutsa mutu. Ndodo ya a Faltas inamveka ikugogoda simenti kuchokera kukhomo.

Apongozi anga ndi munthu wamfupi, wa mkanjo wotuwa, ndipo akakwiya amalankhula mwaulemu kwambiri. Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa thumba. Analiyeza m'manja mwachizolowezi, n'kuliponyera mwana wawo.

"Kaotche, chitsiru iwe. Panopa." Kenako ananditembenukira. "Mwana wanga, wadya mkate wa nyumba ino zaka khumi ndi zinayi. Bambo ako atamwalira, bokosi anagula ndani? Mlongo wako ntchito anam'patsa ndani? Ine sindikukuopseza, ndikukukumbutsa. Kwathu ukwati sutha, ukudziwa. Ukhoza kutuluka pakhomo ili, koma utuluka wekha ndi diresi yomwe wavalayo. Yustina ndi Kirolos ndi a kwa Faltas. Ndipo udzawauza ndiwe kuti bambo awo ali kuti, ndi amene anawapereka."

"Mlongo wanga sanaphe munthu, bambo."

"Palibe anapha munthu. Ayad nthawi yake inakwana. Foni yako."

Ndinawapatsa. Anauza Wagdi kuti mkazi wake watopa, akapume kumwamba mpaka Lachinayi madzulo. Mwamuna wanga anandiperekeza makwerero onse osandikhudza, ndipo pokhoma chitseko kunja anazunguza kiyi pang'onopang'ono kuti ndisamve.

*

Nsanjika yachisanu ili ndi zipinda ziwiri, khichini, ndi khonde loyang'ana kumsewu. Ndinayenda m'menemo maola anayi. Ndinaphika nyemba za ana. Ndinasita yunifolomu ya Kirolos imene inali yosita kale. Ana pochokera kusukulu anawaimitsa pa nsanjika yoyamba, ndinamva Yustina akufunsa agogo ake kuti amayi ali kuti, n'kuuzidwa kuti mutu ukuwapweteka.

Ndisaname, ndinaganiza zokhala chete. Zaka zisanu si imfa, ndinadziuza, ndipo loya wa a Faltas ndi wodula. Ndinatulutsa malamba aja n'kuwayala patebulo, analipo khumi ndi anayi, ndipo gasi anali pafupi. Koma ndinkadziwa kuti loyayo amalipidwa kuti ateteze ndani. Ezzat ndinamubereka kumsana amayi ali kuzinyalala, ndinamutafunira mkate asanamere mano. Sindikanatha kudzagona pambali pa Wagdi usiku uliwonse ndikudziwa kuti ndinagulitsa mlongo wanga kuti ndisunge bedi.

Folo koloko itadutsa pang'ono galimoto yaing'ono yoyera inaima pangodya, poti kwathu kuno siingalowe. A Rasha anabwera wapansi, akulambalala matope, kope lili m'khwapa. A Faltas anawaimirira, anaitanitsa mpando wachiwiri ndi tiyi. Ndili pakhonde ndinkaona mitu yawo iwiri pansi penipeni pa ine, ndi pepala loyera likuyalidwa pakatebulo.

Mkazi aliyense wa m'nyumba zosanja ali ndi dengu lake la chingwe, lotsitsira ndalama kwa wogulitsa mkate ndi kukwezera tomato. Langa limakhala pa msomali pakhonde. Ndinaikamo malamba khumi ndi anayi ndi chibulumwa cha paipi. Ndinang'amba pepala m'kope la Yustina n'kulemba ndi zilembo zanga zopindika kuti mabelo anali khumi ndi awiri, funsani amalume Bushra za waya, pitani nazo kwa woimira boma lero, osati kwa abwana anu. Sindinalembe dzina la Wagdi. Sipankafunika.

Dengu linadutsa khonde la nsanjika yachinayi, kumene mkazi wa mlamu wanga ankayanika zovala. Anasuzumiramo, anayang'ana kumwamba, n'kulowa m'nyumba mwake osaitana munthu. Linadutsa yachitatu. Pa yoyamba Kirolos anatulutsa dzanja pazenera kufuna kuligwira mwamasewera, ndipo ndinalikankhira kutali ndi khoma. Linatsika mpaka linaima pakati pa nkhope ya a Faltas ndi ya a Rasha, likuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa makapu a tiyi.

"A injiniya," ndinaitana, ndipo mawu anga anamveka msewu wonse. "Mwaiwala katundu wanu."

Apongozi anakweza ndodo kuti alikole. Mtsikana uja ndinkamuyesa wofooka, koma anali ataona kale chikasu. Anatapa zonse ndi manja awiri, anazipanikiza pachifuwa pamodzi ndi kope lake, anabwerera m'mbuyo mpando n'kugwa. Akazi a m'misewu iwiri anali atatuluka kale m'makonde. A Faltas anatsitsa ndodo. Pamaso pa anthu ochuluka chotero sakanamenya mlendo wa m'tauni, ndipo anangomuyang'ana akuthamangira kugalimoto. Pepala losasainidwa linatsala pakatebulo.

Kenako anakweza nkhope. Sanatukwane. Anaitana mkazi wawo, nanena mokweza kuti inenso ndimve, kuti zovala za ana azitsitse ku nsanjika yoyamba, kuyambira lero azigona kumeneko.

Ndinakokera dengu kumwamba, lopepuka, n'kulipachika pa msomali wake. Nyemba zinali zitazizira. Ndinatenga mbale ziwiri za ana n'kuzibwezera m'kabati, ndinakhala pampando woyang'ana kuchitseko, ndikumva Yustina pansi akufunsa chifukwa chake sangakwere kukatenga mabuku ake.